Wosesa Pasukulu Amene Anakana Kudula Zikwapu

“Tsiku lina mudzapundula mwana wa eni.” Apongozi anga ananena mawu amenewa pamsonkhano wa makolo, tsache lili m’manja. Anthu anaseka. Bambo wina anakuwa kuti, “Wosesa wayamba liti kuphunzitsa aphunzitsi?” Chaka chisanathe, kamtsikana ka sitandade 3 kanathyoka zala ziwiri ndi chikwapu.

Abale anga mwa Ambuye, ine sindidziwa kulemba za anthu oyera. Ndilemba zimene anandiuza ndi zimene ndinaona.

Apongozi anga ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, aphunzitsi anawamenya khofi chifukwa chochedwa. Khutu lakumanzere linagontha, sukulu n’kuthera pomwepo. M’tchalitchi ankakhala chopendeka, khutu labwinolo ataloza kuguwa. Amene sankadziwa ankati n’kudzimva.

Amuna awo atamwalira, anapeza ntchito yosesa pasukulu ya pulayimale, ndipo anaigwira zaka makumi atatu. Lolemba lililonse wosesa ankayenera kudula zikwapu kumpanda n’kusiya chimodzi patebulo la kalasi iliyonse. Iwo anakana. Akulu a sukulu anawachotsa m’makalasi n’kuwapatsa zimbudzi. Sanadandaule. Ankakolopa akuimba nyimbo za Misa, ndipo ana okwapulidwa ankathawira komweko kukatsukidwa mabala.

Wina akawakumbutsa vesi lonena za kulanga mwana ndi ndodo, ankayankha kuti, “Ndodo ya mbusa ndi yothamangitsira zilombo, si yothyolera nkhosa msana.”

Pamene ndinkakwatiwa ndi mwana wawo, n’kuti lamulo loletsa kukwapula ana asukulu atalipachika pakhomo la ofesi. Popeza iwo sankatha kuwerenga, ananditenga kuti ndikawawerengere. Ndinawerenganso m’munsi mwake, pamene panalembedwa kuti mayiko anagwirizana zoteteza mwana ku nkhanza kulikonse, ngakhale kunyumba. Anaseka mpaka misozi. “Mpongozi, ndiye mayiko onsewo anachita kukhala pansi kuti adziwe zimenezi? Akanangondifunsa ine wakuzimbudzi!”

Koma mtanda wawo wolemera unali m’nyumba mwathu. Amuna anga amakhulupirira lamba. Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka zinayi, ndipo amakodzabe pogona. Ine ndinazolowera kudzuka msanga, kugwira chofunda chake, kuchibisa pansi pa zochapa. Ndikachedwa, apongozi ankaima pakati pa mwanayo ndi bambo ake, okalamba choncho, n’kunena kuti, “Yamba ndi ine, bambo. Ndine ndinalephera kukulera.” Amuna anga ankatsitsa lamba osamenya.

Sabata yatha apongozi anadwala chifuwa. Analandira mafuta a odwala, napempha kuti mdzukulu wawo akhale pafupi. Anamwalira masana, mwakachetechete, akusisita kamutu kake.

Dzulo alendo a pamaliro anabalalika. Lero amuna anga apeza chofunda chonyowa chimene ndinabisa. Sanakalipe. Angoyang’ana mwanayo n’kunena kuti, “Womubisa kulibe tsopano. Mawa ndimuwongola ndisanapite kuntchito.”

Ine mtima wa apongozi ndilibe. Munthu akangokweza mawu, ndimabwerera m’mbuyo, ndipo ndikudziwa kuti sindingaime pakati. Koma miyendo ndili nayo. Pepalali ndisiya kwa akatekisiti madzulo ano. Zovala za mwana ndalongedza kale m’thumba la zochapa, ndipo achemwali anga ndawauza kuti asakhome chitseko. Mawa kusanache tikhala titapita.