Nyundo ya Namawaya

Bokosi lake linakhala lopanda kanthu mpaka akangaude anamangamo nyumba. Pamsika ankamutcha Namawaya, mtsikana wamasiye amene ankagona m'kachipinda kuseri kwa shopu ya bambo wina wokonza mafoni. Ntchito yake inali yotolera mafoni akufa ndi mabatire otupa kuti apite kufakitale akapangire zina, m'malo mothera kudzala.

Achinyamata anzake ankangomulambalala ngati ali ndi mphere. Nkhomaliro ankadya yekha, atayang'ana kukhoma.

"Mwezi ukatha bokosili lisanadzaze, uone kolowera," anatero bwana wake, mwini shopu uja.

Kolowera kunalibe.

Tsiku lina anaimitsa mnyamata wanjinga yamoto. "Achimwene, foni yakufayo mukuisungiranji?"

"Iwe, muli zithunzi zanga ndi chibwenzi changa umu. Ndikupatse kuti mawa dziko lonse lizione?"

Namawaya anafuna kuseka, koma mtima unamuwawa. Nayenso anali ndi yake m'chitini pansi pa bedi, kafoni kosweka galasi ka malemu mayi ake. Paja ulaliki umakoma ukamakhudza ena.

Anachonderera bwana kuti amuphunzitse kutulutsa zam'kati mwa foni yakufa. Zala zinapsa ndi chowotcherera mawaya, koma sanaleke. Atadziwa ntchitoyo, anayamba ndi kafoni ka mayi ake. Munali uthenga wamawu: "Mwanangu, wadya? Usamagone ndi njala."

Analira yekhayekha m'kachipinda kaja, popanda womutonthoza. Atasamutsira mawuwo m'foni yake, anaponya kafoniko m'bokosi. Kanamveka kuti gwa, poti munalibe china.

Kutacha anaika nyundo patebulo. Aliyense wobweretsa foni, Namawaya ankayamba wamusamutsira zithunzi zake, kenako n'kumupatsa nyundo kuti aphwanye yekha kachipangizo kosunga zinsinsi.

Wanjinga uja ndiye anayamba. Anamenya ngati akupha njoka.

"Mlongo, bwenzi utanena kale!" anatero akupukuta thukuta. Mawa lake anabwera ndi anzake, aliyense foni yakufa m'thumba.

Mwezi usanathe, bokosi linakana kutsekeka. Bwana sanatchulenso za kolowera. Mpaka lero, Namawaya asanayambe kudya, amayamba wamvetsera mawu aja, n'kuyankha chapansipansi: "Ndikudya, amayi."

Inu amene mwakhala nokha ndi bokosi lopanda kanthu, osataya mtima. Anthu akakukanirani, funsani chimene akuopa, ndipo choyamba kugwera m'bokosimo chikhale chanu.