Ama So ndi Botolo Lachinayi

Mukatchula Idesi Nyalongwe pa Chintheche, ena afunsa kuti ndani. Koma mukati Ama So, ngakhale kondakitala wa minibasi, wandevu zake, amatembenuka, chifukwa nayenso anadutsa m'manja mwawo. Tawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo ife a Umanyano, gulu la azimayi a mpingo wathu, tagwirizana kuti moyo wawo ulembedwe m'kalata ya mpingo ana athu asanauiwale. Zokometsera mulibe muno. Iwonso sankazikonda.

Anabadwira kumtunda kwa Kande, m'banja la asodzi. Bambo awo ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi masiku amene kunalibe choimbira chilichonse. Akamasoka ukonde pakhonde ankang'ung'udza do, re, mi, ndipo Idesi, akusenda chinangwa pambali, ankatola mawuwo limodzilimodzi. Sukulu anailekeza pa Sitandade 5 mayi awo atadwala. Analera azing'ono awo onse, n'kukwatiwa mochedwa ndi a Wallace Kamanga.

A Wallace anapita ku Joni kukafuna ntchito, nakhala mtchona, osabweranso. Anawasiyira ana awiri, Mavis ndi Howard. Howard anamwalira ndi malungo asanayambe n'komwe sukulu. Chaka chimenecho Idesi ankabwera kutchalitchi, n'kukhala kumbuyo, pakamwa chitsekere. Palibe anawakakamiza. Lamulungu lina anangomveka akuimba, ndipo mnzawo atawayang'ana, Idesi anati, “Chiuta wanditengera mwana, pakamwa wandisiyira. Ndipasungire ndani?”

Anapeza ntchito yochapa nsalu zogonera pa loji ina ku Kande. Manja awo anang'ambika ndi sopo mpaka ukalamba. Nthawi yomweyo ndi imene anayamba kudandaula kuti ana a Sande sukulu sakuimba, akungokuwa ngati akuitana bwato. Anapempha akulu a mpingo kuti awapatse ana aang'onowo Loweruka lililonse. Akuluwo anavomera msanga, poti palibe wina ankawafuna.

Choimbira analibe. Anatola mabotolo asanu ndi atatu otayidwa ku loji, n'kuthiramo madzi mosiyanasiyana, lina ambiri, lina pang'ono, kuti likagogodwa ndi sipuni lililonse lilire mawu ake. Loweruka m'mawa, ana asanafike, ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, kugogoda, kutsanula dontho, kugogodanso, mpaka khutu lawo litavomera. Akatero ankajambula makwerero pamchenga, mzere uliwonse ndi mawu ake, kuti mwana azidumpha akuimba. Nyimbo yonse sankaiphunzitsa tsiku limodzi. Ankasankha kachidutswa kamodzi, n'kumakayeseza okha sabata yonse akusita. Ankabweranso ndi chinangwa chophika m'beseni. “Mimba ikamaimba, pakamwa sipaimba,” ankatero.

Tisanamizane, ambirife tinkatumiza ana kumeneko kuti tipeze mpata wochapa ndi kupuma. Iwo ankadziwa. Ukabweretsa mwana mochedwa, mamina ali chuchuchu, ankakuuza pamaso pa anthu: “Mwandibweretsera mwana kapena chitoliro chotsekeka? Kam'mineni uko.” Koma mwana sankamunyoza. Akalakwitsa ankangogogoda botolo n'kunena m'Chitonga, “So!” kutanthauza kuti bwereza. So, so, so, mpaka dzuwa kufika pamutu. Dzina lija linachokera pamenepo, poti ama m'Chitonga ndi amayi.

Patapita zaka, ku loji kunabwera wophika wina wa ku Dedza, a Bester, ndi kamtsikana kawo Chiso, ka zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ake anali atangomwalira kumene. Chitonga sankachidziwa, anzake analibe, koma mawu ake anali oti ngakhale ife ochapa kumjigo tinkaimika manja. Vuto linali limodzi. Ankaimba do, re, mi bwinobwino, akafika pamzere wachinayi n'kutseka pakamwa, kuudumpha, kukatera kutsogolo.

“Chiso, wasiya fa. So!”

Mwana anaudumphanso.

“Mzere umenewo ukuluma? Ponda. So!”

Ama So anaganiza kuti ndi matama a mwana wodziwa kuti amatha. Loweruka lachitatu anamuimika pa mi anzake akuonerera, nati sachoka mpaka ataponda. Chiso analira mosatulutsa mawu, ndipo sabata yotsatira sanabwere.

A Bester anawapeza kochapira. “Amayi, sindinabwere kudzakangana. Koma mwana uja wasiya kuimba ngakhale kunyumba. Amayi ake ankaimba naye potsuka mbale. N'chokhacho chimene anam'siyira. Chikatayika chimenecho, ine ndim'patsa chiyani?”

Mawu amenewo anawalasa, poti ankadziwa bwino nyumba imene nyimbo yathawamo. Ataweruka anamanga mabotolo m'chitenje, nawasenza mpaka kunyumba za antchito. Anapeza Chiso atakhala pakhonde. Sanam'patse moni wautali. Anandandalika mabotolo, kuthira madzi, kuyamba kugogoda ngati ali okha. Do. Re. Mi. Atakweza sipuni pa lachinayi, mwana anagwira dzanja lawo.

“Limenelo ayi.”

“Lalakwa chiyani, mwana wangu?”

“Limati ifa.”

Ama So anatsitsa sipuni. Kuno kwathu timati kufwa. Zaka zonsezo anaimba fa, anaphunzitsa fa kwa ana a Chitonga osawerengeka, ndipo khutu lawo silinamvemo maliro ngakhale kamodzi. Koma mwana wa Chichewa, woti wangoika mayi ake, ankamva gogo wachilendo akumuloza ndi sipuni pamaso pa anzake n'kumulamula kuti afe, kenako n'kuumirira kuti abwereze.

“Amayi ankaimba do, re, mi, fa,” anatero Chiso, “ndiye anafadi.”

Pambuyo pake Ama So ankatiuza kuti pamenepo anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse a moyo wawo: Ambuye, ndaononga, konzani. Kenako anadumpha botolo lija, nagogoda lotsatira.

“Nanga ili ndi chiyani?”

“So.”

“Ine ndikamakukalipirani kuti so, so, ndimakhala ndikuti chiyani?”

Chiso anapukuta mphuno. “Mumati tiyambirenso.”

“Ehe. Iwe wamva la kwanu, lachinayi. Ine ndimamva la kwathu, lachisanu. Tonse tili ndi khutu limodzilimodzi, tiwaphatikize. Taona, makwerero sathera pa fa. Ambuye Yesu anaponda pomwepo Lachisanu lija, sanadumphe ayi. Lamulungu m'mawa kunamveka chiyani?”

Mwana anayang'ana mabotolo. “So?”

“So.”

“Amayinso?”

“Amayi akonso. Ndi Howard wanga yemwe.”

Tsiku limenelo sanamuimbitse. Anamanga mabotolo awo n'kubwerera. Loweruka Chiso anafika bambo ake atam'gwira dzanja. Pa mi anaima. Ama So anangotambasula dzanja lawo long'ambika lija. Mwana analigwira, naponda mzere wachinayi mwachangu ngati mchenga wotentha wa mu Okutobala, fa wake wonjenjemera, n'kugwera pa so ndi mawu onse. Ana ena anaseka osadziwa kanthu. A Bester anatembenukira kumtengo wa mango ngati akufunamo zipatso, mwezi woti mango kulibe.

Kuyambira pamenepo, mwana watsopano akabwera, Ama So ankayamba am'funsa chilankhulo cha kwawo ndi amene akukhala naye pakhomo. “Mwana akakana mawu, funsa kaye kuti akumvamo chiyani,” ankawauza aphunzitsi a Sande sukulu.

Anaphunzitsa mpaka msana unapindika. Mpingo utagula kiyibodi, achinyamata anati mabotolo apume. Iwo anati chabwino, koma anapitiriza kuwabweretsa, ndipo magetsi akathima, monga amachitira, onse ankabwerera kumtengo wa mango mwakachetechete. Makutu atayamba kugontha, Chiso, amene tsopano ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndiye ankathira madzi Loweruka m'mawa, iwo atakhala pampando n'kumatsutsa: “Re ameneyo ali ndi ludzu, muonjezere.”

Anadwala miyezi yochepa kunyumba kwa Mavis. Sanadandaule, kupatula kuti tikuwaimbira mothamanga. Masana a tsiku lomaliza abusa atapemphera, Ama So anakodola Chiso.

“Mwana wangu, ndafika pamzere wachinayi.”

“Ndaona, Ama.”

“Sukundiuza kuti ndidumphe?”

“Ayi. Pondani. Dzanja langa ili.”

Anaseka pang'ono, naligwira, ndipo anagona osadzukanso.

Kumanda, mwambo utatha, Chiso anandandalika mabotolo pambali pa nkhata za maluwa. Anagogoda do, re, mi, fa, n'kuimika sipuni m'mwamba. Palibe amene anauzidwa chochita. Kamwana kena ka m'kalasi ndiko kanayamba, kenako asodzi, aphunzitsi, ophika a m'maloji, kondakitala uja, ife tonse amene ana athu anadya chinangwa chawo, tinayankha ndi mawu amodzi: “So.”

Kalasi ikupitirira Loweruka m'mawa, pamalo pomwe paja, ndi aphunzitsi a Chiso. Chinangwa tizisinthana kuphika ife a Umanyano. Bweretsani ana pa nthawi yake, mphuno zominidwa. Akalakwitsa musawakalipire. Mawu oti muwauze mukuwadziwa.