Getsi la Kumanzere

Amuna anga atamwalira, alamu anga sanadikire n'komwe kuti nkhata za pamanda zifote. Anali mng'ono wawo wa malemuwo, ndipo ananyamuka ku Mposa kubwera kwathu ku Phalula ndi nkhani imodzi yokha: galimoto. Galimotoyo ndi imene inkatidyetsa ine ndi ana anga atatu, chifukwa inkanyamula anthu ndi matumba a chimanga kupita ku Balaka. Alamuwo ankati mkazi sangaisamale, ingoolera pakhomo. Umboni wawo unali magetsi a kutsogolo, amene anali atachita chikasu, penti wa mkati atasupuka.

Munthu ameneyu ndinkamuda, sindibisa. Matenda onse aja a amuna anga sanabwereko ngakhale ndi nthochi imodzi, koma msomali umene tinkakolekapo makiyi ankaudziwa bwino.

Amalume awo a malemu, amene anabwera kudzaweruza nkhaniyo, anatopa ndi phokoso lathu.

"Magetsiwo ndi awiri," anatero. "Aliyense akonze lake. Tione amene akuidziwa galimotoyi."

Ntchitoyo ndinkaidziwa. Kwa zaka zambiri ndinkawagwirizira amuna anga akamaichita pakhonde, uku ndikung'ung'udza kuti akundidetsera simenti. Getsi la galimoto limamatidwa ndi guluu wakuda wolimba, ndipo silitseguka mokakamiza. Iwo ankalikulunga m'pulasitiki wakuda n'kuliika pamalata, kuti dzuwa lifewetse guluuyo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamasula getsi la kumanja n'kukaliika padenga la khitchini.

"Alamu, mukuyanika chiyani uko, makaka?" anandifunsa alamu angawo akuseka.

Lawo la kumanzere analiwamba pambaula ngati nsomba. Pakhomo ponse panamveka fungo la pulasitiki, ngodya imodzi n'kupindika. Kenaka analikanula ndi mpeni, timano togwira galasi tikuthyoka kamodzikamodzi. Langa ndinalitsitsa dzuwa litapendeka, getsilo likutentha m'manja, ndipo galasi linachoka lokha nditangolowetsa supuni.

Mkati mwa getsi muli mbale yonyezimira imene imaponya kuwala kutsogolo. Amuna anga ankati imeneyo sukhudza ngakhale ndi chala. Penti amapita m'mbali mokha. Ndinaiphimba ndi nyuzipepala n'kumata ndi tepi, ndinakwecha m'mbalimo, kenaka ndinapopera penti wakuda wa m'chitini pang'onopang'ono, katatu, ndikudikira kuti aume.

Nditacheuka ndinaona alamu akupopera paliponse, ndi mbale ija yomwe.

"Za m'tauni zimakhala zakuda bii chonchi," anauza amalume aja.

Mtima unandipweteka, chifukwa getsi limenelo amuna anga analisamala zaka zonse. Ndikanatha kuwaletsa. Mawu anafika pakhosi, koma ndinakumbukira kuti dzulo lake anali atafunsa mwana wanga wamkulu ngati mapepala a galimoto ali m'sutikesi. Ndinameza mawuwo. Safunsa adadya phula.

"Penti wachepa kapena?" anafunsa akugwedeza chitini.

"Iyayi alamu, alipo wambiri," ndinatero, n'kuwapatsa chitini changa. "Poperani ndithu."

Dzuwa litangolowa tinabwezera magetsi onse awiri, galimoto n'kuiyang'anitsa kukhoma la nyumba. Ndinayatsa ndine. Kumanja khoma linawala mpaka ming'alu ya njerwa kuoneka. Kumanzere kunali kakuwala kofiira ngati koloboyi wotha parafini.

"Babu ndi lakutha ili!" anakuwa alamu.

Sindinatsutse. Ndinasinthanitsa mababuwo iwo akuona, n'kuyatsanso. Kumanzere kunali chimodzimodzi. Amalume anayang'ana khomalo kwa nthawi, kenaka anatsokomola.

"Makiyiwo akhale pomwe amakhala," anatero.

Kwa miyezi iwiri galimotoyo inayenda masana okha, mpaka nditapeza getsi lina kwa ogulitsa zitsulo zakale. Sindinadandaule.

M'mawa wotsatira chigamulo chija alamu anali atanyamula kale chikwama, akupita kumsewu osatsanzika. Ndinamasula getsi lawo lija msangamsanga, n'kuliika m'jumbo, n'kuwapeza ataima pasiteji pakati pa amayi ogulitsa tomato. Ndinagwada bwinobwino, monga ayenera kuchitira munthu kwa alamu ake, n'kupereka ndi manja awiri.

"Munabwerera katundu wa achimwene anu," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Gawo lanu ndi limeneli. Mwalikonza nokha."