Mleme ndi Nkhope ya Mng'ono Wake

Kuntchito ankamutcha Mleme, chifukwa tsiku lonse ankakhala m'kachipinda kopanda zenera, kamakoma otuwa, patsogolo pake masikirini awiri ndi kabokosi ka timipira titatu tozunguza ndi zala. Ntchito yake inali yokonza mitundu ya mafilimu. Ojambula akatha kujambula, odula akatha kulumikiza zigawo, filimu inkafika kwa iye ili mbuu ngati nsalu yosuluka, iye n'kuibwezera magazi.

Mitundu anaiphunzira ali mwana. Bambo ake ankalemba zikwangwani za masitolo, ndipo iye ndi amene ankawasakanizira penti m'zitini zakale. Koma kunyumba zimenezo sizinkawerengedwa. Alendo akabwera, maso onse ankapita kwa mng'ono wake, yemwe anali ndi kampata pakati pa mano ndi kaseko kokopa. "Koma mwana uyu, abale!" ankatero alendowo. Kenako, ngati akumbukira chimene aiwala, ankacheukira wamkuluyo: "Nawenso wakulatu." Mayi ake ankawonjezera kuti, "Uyu ndi wanzeru," ndi mawu aja amene anthu amapepesera nawo.

Choncho situdiyo inali malo okhawo amene anali akeake. Anagwirapo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankadziwa zinthu zimene anzake sankazidziwa. Ukathira kachikasu pang'ono m'khitchini, owonera amakumbukira amayi awo. Ukathira buluu m'mithunzi ya kuchipinda, amadziwa kuti mwamuna ndi mkazi sakuyankhulana ngakhale asanatsegule pakamwa. Ukaika kubiriwira pang'ono chabe pakhungu la munthu, owonera amayamba kumukayikira osadziwa chifukwa chake.

Tsiku lina Mleme anaiwala magalasi ake kunyumba, ndipo mng'ono wakeyo, yemwe ankaluka tsitsi pa saluni ina yapafupi, anamubweretsera. Pakhonde anakumana ndi dairekita, mkulu wotsogolera mafilimu, bambo wamfupi wa ndevu zaimvi, ali wokwiya chifukwa mayi amene amayenera kusewera mkwatibwi mu filimu yatsopano anali atawathawa.

"Kodi mayi, munasewerapo filimu?" anafunsa dairekitayo.

"Ine? Ayi ndithu. Ndangobweretsa magalasi a achemwali."

"Achemwali anu ndani?"

Mleme anali ataima pakhomo la kachipinda kake. Dairekita anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, n'kuseka. "Mimba imodzi? Simukunama? Mleme, zaka zonsezi unkatibisira chuma chotere?"

Mleme anaseka nawo mokakamiza.

Mng'onoyo anamutenga kuti asewere mkwatibwiyo, ndipo anajambula miyezi iwiri. Mng'onoyo ankabwera kunyumba madzulo ali ndi nkhani pakamwa: lero andiveka chakuti, lero wojambula wati kamera imandikonda. Mleme ankangoti "eya" uku akusita zovala zake, nsimbi ikudutsa kawirikawiri pamalo osita kale. Anthu a kuntchito, amene kwa zaka zonsezo ankangomupatsa moni wa pakhomo, anayamba kulowa m'kachipinda kake kudzafunsa ngati mng'ono wake ali pabanja.

Kenako filimu inafika pa masikirini ake. Apa ndi pamene nsanje inamugwira zenizeni, pakuti kuyambira m'mawa mpaka kuweruka ankayenera kuyang'ana nkhope imodzi yomweyo, yaikulu kuposa chitseko, n'kumaikongoletsa ndi manja ake. Ankadziwa kachipsera kali pansi pa chibwano, kamene mng'onoyo anadzicheka pa mpanda ali ndi zaka zisanu. Ankakabisa. Ankawalitsa maso, ankafewetsa masaya. Dairekita akalowa ankangoti, "Taona mmene akuwalira mwana uyu! Mulungu anapereka," ngati kuti kuwalako kunagwa kumwamba.

Filimuyo inali ya mtsikana wokwatiwa ndi mwamuna amene pambuyo pake amamusiya. Chigawo cha ukwati chinali pakati. Dairekita analamula kuti chikhale cha golide. "Ndikufuna dzuwa paliponse. Owonera amve ngati akwatiwa ndi iwowo."

Mleme anachita zimenezo Lachiwiri, ndipo chigawocho chinakongola mpaka iye mwini anamva kuwawa m'chifuwa. Mng'ono wake anali waliwali, duwa lofiira psuu m'manja, akuseka kaseko kaja. Lachitatu m'mawa, asanamwe ndi tiyi yemwe, anatsegulanso chigawocho. Anazunguliza nkhope ya mkwatibwi yokha, n'kuyamba kuichotsa kutentha pang'onopang'ono. Milomo inatuwa. Pansi pa maso anathirapo kubiriwira, kochepa koti munthu sangakuloze ndi chala. Ena onse, mkwati, aperekezi, ana oponya maluwa, anawasiya m'golide wawo. Mkwatibwi yekha anaima pakati pawo ngati munthu wongotuluka kumene m'chipatala.

Anati angoyang'ana pang'ono, mtima uphwe, kenako abwezeretse. Koma chitseko chinatseguka, dairekita n'kulowa kapu ili m'manja.

Bamboyo anayang'anitsitsa sikirini. Mleme anayamba kukonza bodza lakuti kompyuta yasokoneza.

"Bwezera kumayambiriro," anatero dairekita. Anaonera kachiwiri, n'kuika kapu pansi. "Akudziwa. Mtsikanayu akudziwa kale kuti banjali silipita patali. Akuseka, koma thupi lake likudziwa. Usakhudzenso, wamva? Usakhudze!"

Tsiku loonetsa filimu koyamba, holo inadzaza. Chigawo cha ukwati chitafika, anthu amene ankaseka ndi kuyankhira anangoti zii. Mayi wina kumbuyo kwa Mleme ananong'ona kuti, "Mayo, mwana wa eni ake," n'kuyamba kufwenthera. Magetsi atayaka, anthu anaunjikira mng'onoyo. Wolemba nkhani wina anamufunsa kuti anachita bwanji kuti nkhope ituwe chotero ali mkati moseka. Mayi awo, atavala mpango watsopano, ankauza aliyense kuti mwanayu anali ndi luso kuyambira ali kumsana.

Mleme anaima pafupi ndi khomo atanyamula chikwama cha mng'ono wake. Dzina lake linali litadutsa kumapeto m'tizilembo ting'onoting'ono, anthu atayamba kale kudzuka. Anaganiza kuti: ngakhale choipa chimene ndamuchitira chasanduka chake.

Patapita masiku atatu, mng'onoyo anafika ku situdiyo nthawi ya nkhomaliro, anthu atatuluka. Anakhala pampando wa dairekita osapemphedwa.

"Achemwali, tandionetsani ukwati uja mmene anaujambulira. Musanaukhudze."

"Ukufuna uonenji? Ndili ndi ntchito ine."

"Tangondionetsani."

Mleme anadina batani. Pa sikirini yakumanzere panabwera mkwatibwi wa masaya odzaza magazi, kumanja uja wodwala. Mng'onoyo anayang'ana nthawi yaitali.

"Tsiku limeneli ndinali wosangalala," anatero. "Sindinkaganiza za banja kutha ayi. Ndinkangoganiza kuti diresi landikhala. Ndiye anthu akamanditama ndimangoti zikomo, koma ndikudziwa kuti sindinachite ine." Anatembenuka. "Anakutumani ndi adairekita?"

"Ayi."

"Ndiye munachitiranji?"

Mleme akanatha kunena kuti nkhaniyo inkafuna zimenezo. Mawuwo anali okonzeka palilime. M'malo mwake anati, "Ndinatopa nawe. Ndinatopa ndi kukukongoletsa."

Mng'onoyo sanalire monga mmene Mleme ankayembekezera. Anangogwedeza mutu, n'kumasewera ndi chibangili chake.

"Ndinkadziwa. Mmene mumasitira zovala muja, ndinkadziwa." Anasiya chibangili chija. "Nanga inu mukuyesa ine sindinkakusirirani? Bambo sanandilolepo kugwira burashi. Ankati ndidzidetsa. Inu mumapita nawo kumasitolo, ine n'kutsala pakhonde ngati chidole."

"Usandinamize iwe. Chidole chimene aliyense amachinyamula."

"Ndiye tisinthane."

"Ukanalola?"

Mng'onoyo anaganiza, kenako anaseka. "Ayi."

Mleme sanafune kuseka, koma kunamutuluka m'mphuno.

Sanakhululukirane ndi mawu, ndipo kwa sabata yathunthu ankadya osayang'anana. Mwezi wotsatira kampani ina yaikulu inaitana mng'onoyo kuti akasewere filimu yawo. Iye anavomera, koma anawauza kuti mitundu akakonze achemwali ake, apo ayi afune wina. Mleme atamva anapsa mtima.

"Ndiye ndizidyera m'dzina lako tsopano?"

"Ayi. Kungoti ena onse amaopa kundiipitsa. Inu simuopa."

Mleme anakana masiku awiri, tsiku lachitatu n'kupita. Anamupatsa chipinda chachikulu, cha mpando wofewa ndi sikirini yodzaza khoma lonse, ndipo pakhomalo panali nkhope ija, yaikulu kuposa kale. Mpaka lero akugwira ntchito kumeneko. Mng'ono wake wasewera mafilimu anayi, ndipo pamsewu anthu amamuimitsa kuti ajambulitse naye, foni n'kupatsira Mleme kuti awajambule. Iye amajambula, chithunzi n'kutuluka bwino, koma pobwerera kunyumba sayankhula mpaka atatsika m'basi.