Nsapato za Malemu a Basil

Amene anapitapo pamsika wa Chipyela akumudziwa Wilfred, ngakhale ambiri amangomudziwa pamutu, chifukwa nthawi zonse amakhala ataweramira nsapato ya munthu. Malo ake ndi patsinde pa mango, kumapeto kwa mzere wa amayi a tomato, ndipo m'kabokosi kake mumakhala singano, ulusi, guluu, polishi ndi zidutswa za matayala. Ntchitoyi waigwira zaka pafupifupi makumi awiri. Pachilumba cha Likoma pano anthu amayenda pansi ndipo njira ndi zamiyala, choncho wosoka nsapato sagona ndi njala, koma ziyenera kunenedwanso kuti salemera. Amakonzanso zikwama ndi maambulera. Kwawo ndi ku Yofu, kumene amakhala ndi mkazi wake Celeste, wochokera tsidya ku Cobue, mwana wawo Alinafe, ndi bambo ake omubereka, a Hector.

Chaka chathachi Khirisimasi inabwera m'matumba muli mbee. Usipa unavuta, ndipo asodzi akasowa, nsapato zawo zong'ambika zimadikira kunyumba. Wilfred, munthu wosakonda kudzidzimutsidwa, anayamba kulingalira za mphatso Novembala ali pakati. Iye amati mphatso izikhala chinthu chimene munthuyo akuchisowadi, ndipo ngati n'kotheka chituluke m'manja mwake, osati m'golosale. Celeste amagulitsa zitumbuwa padoko ndipo mvula imamupeza pabwalo, ndiye anamukonzera ambulera imodzi yolimba kuchokera ku awiri othyoka. Alinafe, amene ali fomu yachitatu ku Nkhata Bay ndipo mabuku ake amanyowa pasitima, anamusokera chikwama cha nsalu ya tenti yakale. Apongozi ake aakazi ku Cobue maso akuwavuta, sayendanso kukagula zinthu; iwowa anawagulira sopo, mchere ndi machesi, n'kupatsira wamalonda wina wa nkhuni pobwerera kwawo.

Zonsezi zinayenda bwino. Chimene chinamuimitsa mutu ndi bambo ake.

A Hector analiza belu la tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela kwa zaka zambiri. Cha pa Isitala mapazi awo anatupa, ndipo ngakhale mankhwala a kuchipatala anathandiza, mapaziwo sanabwererenso mwakale. Nsapato zawo zonse zinakana. Patapata anakana okha, ati m'nyumba ya Mulungu sangalowemo ngati akupita kokasamba. Chotero chiyambire Isitala sanapondeko kutchalitchi. Lamlungu ankakhala pakhonde, khutu lili ku Chipyela, n'kumadandaula kuti woliza belu wa masiku ano amafulumira ngati akuthamangitsa mbuzi. Kenako anasiya ngakhale kudandaulako, ndipo chakudya ankangochigwiragwira. Wilfred anaona kuti Khirisimasi ikangodutsa mkuluyo ali pakhonde, basi, sadzapitanso.

M'masitolo a pachilumba munalibe nsapato yaikulu chotero. Pakaunjika panalibenso. Wina wopita ku Nkhata Bay anabwera ndi mtengo woti ukanameza mpunga wa Khirisimasi ndi nkhuku yomwe.

Komatu nsapatozo zinalipo, ndipo Wilfred ankadziwa pamene zinali. Wosoka nsapato aliyense amakhala ndi thumba la zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Pansi penipeni pa thumba lake panali nsapato za malemu a Basil a ku Mbungo, munthu wamtali amene ankawerenga mawu m'tchalitchi. Zinali zofiirira, za lamba ndi kachitsulo kachikasu pambali, ndipo anazivala Lamlungu lililonse kwa zaka makumi awiri. Anthu ankazitchula mabwato, ati munthu akhoza kuwolokera nazo ku Cobue. A Basil anazisiya kuti ziikidwe zidendene, sabata yotsatira anadwala, ndipo sanadzukenso.

Apa pafunika kufotokoza mosamala, kuti wina asamuyese wakuba. Wilfred ankafuna kuzibweza. Sabata ya maliro anaona kuti n'kosayenera kufika pasiwa ndi nsapato m'manja. Achibale atagawana katundu wa malemu, anaopa kuti akazitulutsa tsopano adzafunsidwa chimene anazisungira. Mwezi unakhala chaka, chaka chinakhala zaka ziwiri, ndipo mayi wamasiye wa malemuwo, a Elsie, akamadutsa pamsika, Wilfred ankaweramitsa mutu kuposa mmene ntchito inkafunira.

Tsiku lina anayeza phazi la bambo ake ndi ulusi, akunamizira kuona kutupa. Anakayeza ulusiwo m'nsapato za a Basil. Zinakwana, n'kutsalako mpata wa masokosi. Vuto linali limodzi: Likoma yense ankazidziwa. Ndiye anachita chimene pambuyo pake anavomera kuti chinali chopusa. Anapita nazo kuseri kwa nyumba ndi botolo la utoto wakuda, nazipaka katatu.

Celeste anamupeza akuziyanika pamwala. Anaziyang'ana, namuyang'ana iye.

"Bambo a Alinafe, mbuzi ya eni mukaipaka makala, imaleka kukhala ya eni?"

Wilfred anayankha kuti zakuda zilipo zambiri, palibe amene angazizindikire.

"Zakuda zilipo zambiri, inde. Nanga phazi lotere pachilumba pano analinso nalo ndani? A Elsie amakhala benchi yachitatu. Akadzaona kachitsuloko, manyazi sadzagwera inu ayi. Adzagwera madala amene sakudziwa kanthu."

Mawu omalizawa ndiwo anamulasa. Anali asanaganizepo kuti anthu akadzayamba kunong'onezana, dzina lotchulidwa lidzakhala la a Hector. Anakhala masiku awiri osadziwa kolowera: kuzibisanso m'thumba kunali kusiya bambo ake pakhonde, kuzipereka mobisa kunali kuwaveka manyazi. M'mawa wa tsiku lachitatu sanatsegule kabokosi. Anakulunga nsapatozo m'pepala, nauyamba wa ku Mbungo.

A Elsie anawapeza akuyanika chinangwa chovuula pathandala. Anamupatsa mpando, nafunsana za moyo, za mvula, za mapazi a bambo ake. Malonje atatha, Wilfred anatsegula pepala lija, naika nsapatozo pansi patsogolo pawo.

Mayiwo anaziyang'anitsitsa. Kenako anafunsa kuti zakudazo ndi za yani.

Wilfred anafotokoza zonse mwa dongosolo, osadumpha ngakhale za ulusi ndi utoto. Anati sanabwere kudzapempha, wabwera kudzabweza ndi kupepesa, ndipo ngati akufuna kuti nkhaniyi ikafike kwa akuluakulu a mpingo, iye sakana.

A Elsie anatola nsapato imodzi, naipukuta kachitsulo ndi nsonga ya chitenje. Anamuuza kuti iwo ankadziwa kuyambira kale kumene nsapatozo zinali, chifukwa malemuwo anatsanzika kuti akukasiya mabwato awo kwa mwana wa Hector. Tsiku logawa katundu, adzukulu ochokera kutauni anakanganirana chilichonse mpaka ndowa, ndipo iwo anatseka pakamwa dala kuti kanthu kamodzi kapulumuke. Koma ataona kuti Wilfred akuwathawa maso pamsika, anaganiza kuti anazigulitsa kwa amalonda a tsidya, ndipo sanafune kufunsa poopa kumva yankho.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuganiza kuti zikuyenda ku Mozambique ndi munthu wosamudziwa," anatero. "Kani zinali m'thumba."

Wilfred anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni. Anayamba kuthokoza, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Musafulumire, mwanangu, ndakwiya ndithu. Munthu anazipukuta zaka makumi awiri kuti zikhale zofiira, inu tsiku limodzi mwaziveka zamaliro. Mukachotse zakudazi. Ndipo a Hector mukawauze eni ake. Akazivale poyera, anthu aone kuti nsapato za amuna anga zikupitabe kutchalitchi. Amayi anzanga ndiwauza ndekha kuti ndapereka ndine."

Pomutsanzika anamupatsa mango asanu okawapatsa a Hector, namuuza kuti tsiku lina akadutsa pamsika adzadzutse mutu.

Kuchotsa utoto kunavuta kuposa kupaka. Wilfred anakwecha ndi sipiriti ndi kansanza masiku awiri, koma kufiira sikunabwerere konse. Nsapatozo zinatsala zamawangamawanga ngati nthochi yopsa kwambiri. Anazipaka polishi wofiira, naona kuti pamenepo ndi pamene luso lake lathera.

Panatsala mantha amodzi, oti mwina a Hector akana kuvala nsapato za malemu. Masana a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, banja litakhala pakhonde, Celeste anatambasula ambulera yake n'kuyamba kuyenda nayo pabwalo dzuwa likuswa mtengo, Alinafe analongeza mabuku m'chikwama kuti aone ngati akwana. Kenako Wilfred anagwada pafupi ndi bambo ake, naika nsapato zija pansi. Asanatsegule pakamwa, mkuluyo anali atazidziwa kale.

"Mabwato a Basil awa. Wawatani mtundu?"

Wilfred anafotokozanso, kachiwiri sabata imodzi, ndipo ulendo uno Celeste ankathandizira pamene iye ankafuna kufupikitsa. A Hector anamvetsera mpaka kumapeto. Anati iwo ndi Basil analowa sukulu tsiku limodzi, ndipo zaka zonse zimene analiza belu, Basil sanafikepo nthawi yabwino ngakhale kamodzi.

"Bweretsa masokosi," anatero. "Tione ngati kuchedwako kunali kwa nsapato kapena kwa mwini wake."

Anavala, naimirira atagwira phewa la Alinafe. Anayenda mpaka pamlambe wa kumpoto kwa nyumba, nabwerera okha. Madzulo amenewo anadya mpaka kupempha ndiwo zina.

M'mawa wa Khirisimasi ananyamuka ku Yofu kukadali kozizira. Anapuma katatu panjira. Anthu owapitirira ankapereka moni maso ali pansi, koma palibe amene anadabwa, chifukwa a Elsie anali atagwira kale ntchito yawo. Mayi wina wa ku Mbungo anawafunira Khirisimasi yabwino a Hector, ndi a Basil omwe. Belu linalira iwo akadali pachitunda, ndipo analowa nyimbo yoyamba ili pakati. Wilfred anakhala kumbuyo kwa bambo ake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anaimba osaganiza china.

Pobwerera, atafika pamthunzi, a Hector anakhala pamwala navula nsapato ya kumanzere. Pachidendene panali thuza laling'ono. Wilfred anaganiza kuti mwina ulendowu ndi woyamba ndi womaliza. Mkuluyo anaisuzumira mkati nsapatoyo, naigwedeza, namupatsa.

"Iyi ikuluma kumbuyoku. Uifewetse msanga, iwe. Pa Chaka Chatsopano mapemphero amayamba molawirira."