Simenti ya Mwakabisira

Ntchito yanga yoyamba ku Canada ndinaipezera pa maliro ku Oshawa. Ndikunyamula mipando, a Jafali, mkulu wa ku Mangochi wokonza nyumba zakale, anandiyang'ana m'manja. "Manja a bilidala awa. Lolemba mubwere."

Sananame. Ku Balaka ndinamanga zaka khumi ndi ziwiri, ndipo khoma langa silinagwepo.

Anandipatsa nyumba ya njerwa zofiira ku Toronto, yomangidwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ya khonde lalitali ndi mawindo opindika pamwamba. Ntchito inali kugoba matope akale pakati pa njerwa ndi tchizulo, kusesa fumbi, kunyowetsa, kenako kupakamo atsopano ndi kampeni komangira. Koma matopewo anati akhale a laimu ndi mchenga basi. Ndinaseka chamumtima. Kwathu matope ofewa chonchi ndi a mmisiri amene waba simenti. Ndiye a Jafali akangotembenuka, ndinkathiramo fosholo imodzi ya simenti pa wilibala, ndikudziyesa wowachitira chifundo.

Chisanu chitatha anandiitana. Ndinapeza khoma langa lasupuka, nkhope za njerwa zili mbwee pansi. Mwini nyumba, mayi wokalamba amene anabadwira momwemo, ankatola zidutswa n'kumaika m'thumba la jekete. "Njerwa izi anaziyala ndi agogo anga," anatero.

A Jafali anakanda mzere umodzi ndi msomali, msomali n'kupindika. "Achimwene, munamikisa chiyani apa?"

Ndikanatha kunamizira chisanu. Ntchito ina ndinalibe, ndipo mantha anandigwira. Koma ndinaulula.

"Njerwa zakale n'zofewa," anatero. "Zimamwa madzi, madziwo n'kutulukira mu laimu. Inu munablokera njira, madzi anafirizira m'kati, kuundana ndi chisanu n'kufufuma, basi phuu! Sindikuchotsani ntchito. Wothira ndiye agobe. No grinder, makina ayi, ndi manja basi."

Ndinagoba masabata atatu ndi hamala ndi tchizulo, manja matuza okhaokha. Njerwa zolowa m'malo tinakazitola pa nyumba ina yogumulidwa, koma mtundu wake sunafanane ndendende.

Lero ndikonza nyumba zakale ndi gulu langalanga, ndipo palibe angandiphunzitse laimu. Wobwera kumene ndimamuuza kuti matope azifewa kuposa njerwa, pakuti matope umapakanso, koma njerwa ya zaka zana ikasweka yapita. Akachita makani, ndimamukweza galimoto mpaka pa nyumba ija. Chigamba changa chimaonekera patali.