Tsiku Limene Ndinasiya Kubera Alamu

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndinawabera pa bawo zaka zambirimbiri. Sindikubisa. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, koma zobisa nkhomo pakati pa zala ndikanaphunzitsa ngakhale aprofesori. Alamuwo ankagulitsa usipa wa ku Meponda, ndipo akaweruka kumsika tinkakhala pakhonde pawo ku Namacula, bawo pakati. Akandigwira ankakuwa, “Akuba inu! Tambasulani dzanja!” Ikatha ndewu, tiyi.

Matenda awo anayamba ndi kutopa. Kenako magazi m'kamwa, thupi lonse zigamba zakuda, ine n'kumawaseka kuti mlongo wanga wayamba kuwakwapula. Kuchipatala anati ndi khansa ya m'magazi. Sabata yathunthu sindinaseke munthu, mpaka anansi anandifunsa ngati nanenso ndadwala.

Kenako zinafika m'maso. Poyamba ankaona tintchentche, n'kumapirikitsa ndi dzanja pamene palibe kanthu. Adotolo anati timitsempha ta mkati mwa diso tikuchucha magazi. Lakumanzere linazimiratu. Lakumanja linkaona ngati nkhungu ya mu Juni, ija imabisa mitengo ya paini.

Koma bawo sanasiye. Ankapapasa dzenje lililonse ndi zala. Ine manyazi anandigwira. Munthu wosaona ungamubere bwanji? Ndinayamba kusewera mwachilungamo, nthawi zina kulakwitsa dala kuti adye.

Tsiku lina anakankha bawo, nkhomo mbwee pabwalo.

“Alamu, musabwerenso kuno.”

“Ndalakwanji?”

“Masabata atatu simunabe. Mlongo wanu akundiyankhula monong'ona. Ana akuyenda monyang'ama ngati pali maliro. Ndimati mwatsala inu nokha ondiyesa munthu. Nanunso mwandiika kale m'manda?”

Ndinakwawa n'kutola nkhomo zonse, n'kupita kwathu.

M'mawa mwake ndinabwerera, osaitanidwa. Sanandithamangitse, komanso moni sanayankhe. Tinayamba kusewera. Ndinanyamula nkhomo zisanu ndi ziwiri, ziwirizo n'kuzipana m'zala, zinazo n'kumagwetsa imodziimodzi. Iwo anapendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi.

“Dzenje limenelo ndinalipapasa ine. Munali zisanu ndi ziwiri. Zalira zisanu.”

Dzanja lawo linali litatha, mafupa okhaokha, koma linandigwira pamkono ngati msampha.

“Akuba inu! Tambasulani dzanja!”

Mlongo wanga anatuluka akuthamanga, poganiza kuti agwa. Anawapeza akuseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika m'maso osaona aja.

“Madala awiri opanda nzeru,” anatero, n'kukateleka tiyi.

Anakhala nafe mpaka nyengo yokumba mbatata. Ndinawabera tsiku lililonse, ndipo masiku awiri okha ndi amene sanandigwire. Mwina anandisiya dala kuti ndisagwe ulesi.